Anthu amene ankationetsa mpira ndi pakamwa

Mukakhala pansi ndi bambo wachikulire wokonda mpira pa Neno boma, pa Ligowe kapena pa Lisungwi, n'kumuputa za chaka cha 1978, dziwani kuti muchedwa. Akuuzani mmene Malawi idagonjetsera Zambia 3-2 m'ndime yotsiriza ya chikho cha maiko a kummawa ndi pakati pa Africa, kuno kwathu komwe. Akutchulirani Kinnah Phiri, Jack Chamangwana, Barnet Gondwe, Boniface Maganga pagolo, ndi mphunzitsi wawo Ted Powell. Manja azingoyenda m'malere kusonyeza mbali imene mpira unkadzera. Mukamufunsa kuti tsikulo adakhala mbali iti ya bwalo, akuuzani mosabisa kuti bwalo la Kamuzu adadzaliona atakula kale, mwinanso sadalionepo mpaka lero. Mpira wonsewo adauonera m'khutu.

Kanema adafika mochedwa m'dziko muno. Television Malawi idayamba kuonetsa zithunzi mu 1999, pamene anzathu a ku Zambia adali naye kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Kuchokera mu 1964 mpaka kubwera kwa ndale za zipani zambiri, wailesi ya dziko lino idali imodzi yokha, MBC. Neno nayo idali isadakhale boma palokha. Idali pansi pa Mwanza mpaka mu 2003. Kutsika kuchokera kumapiri a kwa Dambe kupita ku Blantyre kukaonera mpira wa mphindi 90 n'kubwerako udali ulendo wofuna ndalama ndi mtima wolimba, makamaka dzinja msewu ukayamba kuterera. Nyuzipepala inkafika ili yadzana. Choncho munthu wa ku Neno ankadalira woulutsa mpira pa chilichonse. Chimene iye sadanene, kwa omvera sichidachitike.

Mawailesi pamudzi adali owerengeka: ya aphunzitsi, ya alangizi a zaulimi, ya amene adabwera nayo kuchokera ku Joni kapena kumigodi ya ku Zambia, ndi ya Nzeru yopangidwa ku Blantyre imene wina adagula atagulitsa mbatata kapena mananchesi. Sabata ya mpira waukulu mwini wailesi ankaumira mabatire ngati mayi wosunga ufa mwezi wa Febuluwale. Nyimbo ayi. Nkhani ndi mauthenga achisoni basi, kenako tsekeni. Ngakhale sewero la Kapalepale linkayamba ladikira. Mabatire ofooka ankawayanika pamwala kapena padenga la malata kuti dzuwa liwapatseko kamphamvu. Tsiku la mpira wailesi inkaikidwa pampando pakati pa bwalo, anthu n'kukhala pansi moizungulira, waya atamangiriridwa ku mlongoti wake n'kuponyedwa m'nthambi za mtengo. Wopotokola kabatani adali mwini wake yekha. Ndipo m'mapiri muja mawu ankabwera n'kupita, nthawi zina n'kuthawa mpira uli pafupi ndi golo. Mwini wailesi ankainyamula n'kuitembenuza uku ndi uku, aliyense atagwira mpweya, mpaka phokoso la anthu m'bwalo lamasewero litabwerera. Phokoso likakhala lalikulu, anthu ankadumpha asadamve n'komwe dzina la womwetsa chigolicho.

Mawa lake ana ankatenga mpira wawo wachikulunga kupita nawo pabwalo la sukulu. Aliyense ankafuna kukhala Kinnah. Koma sipankalephera kupezeka mmodzi, kawirikawiri amene mpira sunkamuyanja kuphazi, woima pachulu ndi chitsononkho pakamwa, akuulutsa masewero a anzake ndi mawu amene adawamva dzulo. Chingerezi chake chidali chongolowa m'khutu, koma kukweza ndi kutsitsa mawu ankakutha bwino. Ine ndimakhulupirira kuti ana ambiri a kumudzi adayamba kukonda kuyankhula pagulu chifukwa cha chitsononkho chimenechi, ndipo ena mwa iwo lero ndi aphunzitsi ndi alaliki.

Ntchito youlutsa mpira pa wailesi imaoneka yophweka kwa amene sadaiganizirepo. Munthuyo ayenera kudziwa osewera 22 ali patali, ena nambala yakumsana itabisika ndi matope. Ayenera kunena amene ali ndi mpira, pamene waima, kumene akulowera, ndi amene akumuthamangira, zonsezi mpira usadachoke paphazi. Ayenera kukumbukira kuti wina wangofika kumene kuchokera kudimba, ndiye azibwereza nthawi ndi zigoli pafupipafupi. Palibe kubwezera chithunzi m'mbuyo kuti aonenso; chimene chamudutsa chapita. Pamwamba pa zonsezi pali mawu. Mpira ukakhala pakati pa bwalo mawu amayenda mwachifatse, ukamayandikira golo amakwera ndi kufulumira, kotero kuti agogo osadziwa Chingerezi, ali kukhitchini, ankatha kufuula kuti ana inu, kwaopsatu uko. Pa MBC mpira unkaulutsidwa mosinthanasinthana, wina m'Chingerezi wina m'Chichewa, ndipo pamudzi anthu ankadikira nthawi ya Chichewa kuti amvetse bwino zimene khutu lidangoziganizira.

Maina amene okonda mpira amatchula akamakumbukira za MBC ndi a Pearson Chunga, a Steve Liwewe Banda, ndipo pambuyo pake a Patrick Simango ndi anzawo ena. A Steve Liwewe Banda ndiwo amabwera msanga pakamwa pa ambiri, ndipo mpaka lero mupeza anthu owatsanzira pamalo ochezera. Mawu a MBC ndiwo adanyamula dziko lino kupita nalo ku Bouaké, m'dziko la Ivory Coast, mu 1984, pamene Flames idasewera koyamba m'chikho cha maiko a mu Africa n'kulepherana ndi Nigeria 2-2, zigoli za Clifton Msiya ndi Harry Waya. Ndiwo adabweretsa mendulo ya nambala yachitatu kuchokera ku Nairobi mu 1987, ndi chikho china cha kummawa ndi pakati pa Africa mu 1988, Zambia yomweyo itagwa 3-1. Ndiwonso adagawa midzi pakati pa Bata Bullets ndi Limbe Leaf Wanderers. Munthu wa kwa Chekucheku amene sadapondepo Ndirande kapena Lali Lubani ankatha kukana nsima chifukwa Maule kapena Manoma agonja, ndipo chikondi chimenechi adachilandira kudzera m'kabokosi ka mabatire.

Pali chinthu china chimene sitimachitchula kawirikawiri. M'nthawi ya Kamuzu mawu a pa wailesi ankayesedwa asadatuluke. Nkhani zinkawerengedwa papepala lovomerezedwa, ndipo munthu ankatha kulowa m'mavuto chifukwa cha liwu limodzi. Mpira wokha sunkatheka kuulemberatu. Kwa ola ndi theka munthu ankayankhula pa wailesi ya boma popanda pepala, akudandaula, akukalipira woyimbira, akufuula mpaka mawu kusasa. Omvera nawo ankapeza malo otsutsirana mokweza popanda kuyang'ana kumbuyo. Sindikunena kuti oulutsa mpira adali omenyera ufulu. Ndikunena kuti m'dziko limene anthu adazolowera kunong'ona, mawu a munthu wofuula kuchokera pansi pa mtima adali okoma kuwamva, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene anthuwa saiwalika.

Tsopano tiwoloke malire, chifukwa woulutsa mpira wotchuka kuposa onse m'chigawo chino cha Africa adali mwana wa dziko lino. A Dennis Liwewe adabadwa pa 10 Januwale 1936 kuno ku Malawi, nthawiyo kukutchedwa Nyasaland. Monga adachitira anyamata ambiri a m'badwo wawo, adapita ku Northern Rhodesia kukafuna ntchito, n'kukakhala mtolankhani wa kumigodi ku Chingola, pa mgodi wa Nchanga. Kumeneko ndiko adayamba kuulutsa mpira m'zaka za m'ma 1960, dziko la Zambia likubadwa kumene. Akulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mlendo ameneyu adakhala mawu a dziko lonse la Zambia kwa zaka zoposa 40.

Amene adawamvapo amakumbukira liwiro. Mawu awo adali okwera, akuthwa, othamanga, ndipo mpira ukafika pafupi ndi golo ankakwererabe mpaka womvera kuopa kuti munthuyu akomoka. Ankaulutsa m'Chingerezi, komabe wogulitsa pamsika wa Soweto ku Lusaka ndi mlimi wa ku Katete ankawamva bwino lomwe. Sankabisa mbali imene ali. Zambia ikamwetsa ankakondwa ngati mwana, ikagonja ankamveka kuti zawapweteka. Ndiwo adaitcha timu ya dzikolo KK Eleven, polemekeza mtsogoleri Kenneth Kaunda amene ankakonda mpira n'kumapezeka m'bwalo, ndipo dzinali lidakhala mpaka lidalowedwa m'malo ndi la Chipolopolo. Chinthu chimene anthu a ku Zambia amachikamba kwambiri n'chakuti ochemerera ankalowa m'bwalo la Independence atanyamula mawailesi. Mpira akuuona ndi maso awo, koma khutu lili pa wailesi, chifukwa popanda mawu a Liwewe masewerowo ankaoneka osakwanira. Mu 1977 a Kaunda adawapatsa ulemu wa boma wa Order of Distinguished Service. Taganizirani: munthu wa zaka 41, ntchito yake kufotokoza mpira, boma n'kumuveka mendulo akadali pakati pa ntchitoyo.

Pali amene amati woulutsa mpira asamakondere. Pa masewero a matimu a m'dziko limodzi ndikugwirizana nawo, chifukwa wailesi imodzi yomweyo ikumvedwa ndi wa Bullets ndi wa Wanderers. Koma timu ya dziko ikamasewera ku Cairo kapena ku Kinshasa, womvera wa kumudzi safuna mlendo wosalowerera. Amafuna mbale wake amene wapita kukamuonera, amene mtima ukugunda ngati wake. A Liwewe adazindikira zimenezi, ndipo n'chifukwa chake Zambia idawatenga ngati chuma cha dziko.

Nyengo yawo idali ya zinthu zazikulu. Mu 1974 Zambia idafika m'ndime yotsiriza ya chikho cha Africa ku Cairo, n'kulepherana ndi Zaire 2-2, kenako n'kugonja 2-0 pa masewero obwereza. Adali masiku a Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors, amene adamwetsa zigoli 107 m'chaka chimodzi cha 1972, ndipo anthu ankamutcha Ucar, dzina la mabatire okhalitsa. Ngakhale dzina la katswiri lidachokera ku chinthu chimene wokonda wailesi aliyense ankachisamala. Mu 1988, pa masewero a Olympic ku South Korea, Zambia idathambitsa Italy 4-0, Kalusha Bwalya yekha akumwetsa zitatu.

Kenako padafika usiku wa pa 27 Epulo 1993. Ndege ya asilikali a Zambia imene idanyamula timu ya dzikolo kupita ku Dakar, kukakumana ndi Senegal pa masewero ofuna malo m'chikho cha dziko lonse, idagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, m'dziko la Gabon. Anthu onse 30 adafa, 18 mwa iwo osewera. Mudali goloboyi Efford Chabala, mudali Wisdom Chansa, Derby Makinka, Kelvin Mutale. Mudalinso Godfrey Chitalu, amene tsopano adali mphunzitsi wa timuyo, ndi womuthandiza Alex Chola. Kalusha adapulumuka chifukwa ankasewera ku PSV Eindhoven ndipo ankayenera kukakumana ndi anzake ku Senegal komweko. Matupi adaikidwa kunja kwa bwalo la Independence ku Lusaka, pamalo otchedwa Heroes' Acre.

Maina amenewa a Liwewe adawatchula kwa zaka zambiri mpira uli m'kati. Ena adawadziwa ali anyamata, adayenda nawo maulendo, adadya nawo. Dziko likulira, mawu omwe aja amene ankafuula zigoli za anthuwa ndiwo adalira nalo, ndipo anthu a ku Zambia amakumbukira zimenezi kuposa chigoli chilichonse. Kuno ku Malawi uthengawo udafikanso kudzera pa wailesi, ndipo udawawa, chifukwa Zambia idali mdani wathu wa pabwalo amene tinkamudziwa maina. Chaka chotsatira timu yatsopano, yomangidwa pa misozi, idafika m'ndime yotsiriza ya chikho cha Africa ku Tunisia n'kugonja 2-1 kwa Nigeria.

Mulungu adawasunga a Liwewe mpaka adaona mapeto a nkhaniyo. Pa 12 Febuluwale 2012, mu mzinda womwewo wa Libreville, Zambia ya mphunzitsi Hervé Renard ndi kaputeni Christopher Katongo idagonjetsa Ivory Coast 8-7 pa mapenate, Stophira Sunzu akumwetsa yotsiriza. Patapita zaka ziwiri, pa 22 Epulo 2014, a Liwewe adamwalira ku Lusaka ali ndi zaka 78. Dziko lonse lidalira, kuyambira atsogoleri mpaka oyendetsa minibasi, ndipo mawailesi adabwereza mawu awo akale kuti achinyamata amve chimene makolo awo ankanena. Mwana wawo Ponga Liwewe adatsata mapazi a bambo ake pa nkhani za mpira.

Chikondi chotere sichili kwathu kokha. Ku America kuli masewero ovina ndi kudumpha pa madzi oundana atavala nsapato za mipeni kunsi, ndipo okonda masewerowa adalira kwambiri pamene Dick Button adamwalira pa 30 Januwale 2025 ali ndi zaka 95. Iye adapambana mendulo ya golide pa Olympic mu 1948 ndi mu 1952, kenako n'kukhala zaka makumi angapo pa kanema akufotokozera anthu masewerowo, kuwaphunzitsa kusiyanitsa kudumpha kwabwino ndi kwachinyengo. Koma anthu a Button ankaona okha zimene zikuchitika; iye ankangowatsegula maso. Oulutsa mpira athu adali ndi katundu wolemera kuposa pamenepo, chifukwa bwalo, udzu, mtundu wa yunifomu, mphepo ndi nkhope ya goloboyi zonse zinkayenera kutuluka pakamwa pawo.

Lero zinthu zasintha, ndipo sindikudandaula kuti zasintha. Pa Zalewa, pomwe msewu wa ku Mwanza umapatukana ndi wa ku Lilongwe, Loweruka madzulo nyumba zoonetsera mpira zimadzaza. Anyamata amalipira pakhomo kuti aonere Arsenal, Manchester United kapena Chelsea, ndipo ambiri amadziwa mawu a Peter Drury kuposa a woulutsa aliyense wa m'dziko muno. Mafoni afika kumapiri, ndipo chigoli chomwetsedwa ku London chimaoneka pa WhatsApp pasanathe mphindi zisanu. Mawailesi achuluka kuyambira pamene MBC idatsegula Radio 2 mu 1997, Zodiak n'kuyamba mu 2005, ndipo womvera amasankha yekha mawu amene akumukomera.

Komabe wailesi sidafe ku Neno. Boma ili, la anthu oposa 138,000 malinga ndi kalembera wa 2018, lili m'mphepete mwa mtsinje wa Shire pomwe pali Nkula, malo amene akhala akupanga magetsi a dziko lino kuyambira mu 1966, koma midzi yake yambiri ikadali yopanda magetsi. Pamene Flames idakwapula Algeria 3-0 ku Luanda pa 11 Januwale 2010, zigoli za Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davie Banda, Kinnah Phiri yemwe uja ali mphunzitsi, anthu ambiri akumudzi adazimva pa wailesi. Pamene Gabadinho Mhango adaponya mpira kuchokera kutali kwambiri n'kudutsa pamwamba pa goloboyi wa Morocco pa 25 Januwale 2022 ku Cameroon, amene adali kutali ndi kanema adadalira munthu wowafotokozera. Mlonda wa usiku, mlimi wolondera dimba, munthu wosaona, wodwala ali m'chipatala: onsewa akadali omvera, ndipo ali ndi ufulu wouzidwa mpira bwinobwino.

Apa ndipo ndili ndi dandaulo kwa oulutsa ena a masiku ano. Mphindi zimatha akupereka moni kwa anzawo a m'matauni osiyanasiyana, akutchula otsatsa malonda, akuseka nkhani zawo, womvera osadziwa kuti mpira uli mbali iti ndipo zigoli zili bwanji. Kenako mwadzidzidzi kufuula kuti chigoli, popanda njira imene chadzera. Kufuula aliyense angathe. Chimene chidapangitsa akale aja kukondedwa n'chakuti ankalemekeza munthu amene sakuona, n'kumuyendetsa ndi mpira kuchokera kwa goloboyi mpaka mu ukonde. Alipo achinyamata aluso m'mawailesi athu, ena a Chichewa chokoma kuposa cha akale, ndipo akadamvetsera matepi a amene adawatsogolera akadaphunzira msanga chimene chikusowa.

Koma kuti amvetsere, matepiwo ayenera kupezeka poyera. Ku Zambia mwana wobadwa dzana akhoza kutsegula YouTube n'kumva mawu a Dennis Liwewe. Ifenso tikuyenera kutero ndi athu. MBC, bungwe la mpira la FAM ndi nyumba yosunga mbiri ya dziko ya National Archives ku Zomba akhale pansi, afufuze tepi iliyonse ya masewero a 1978, 1984, 1987 ndi 1988 imene idatsala, aisamutsire pa kompyuta isadaonongeke, ndipo aiulutsenso. Oulutsa mpira akale amene akadali moyo ajambulidwe akufotokoza okha mmene ankagwirira ntchito, ndipo boma liwapatse ulemu iwo akumva, monga a Kaunda adachitira mu 1977. Inunso a ku Neno amene muli ndi foni yojambula mawu, pitani kwa agogo anu sabata ino, muwafunse za mpira wa 1978, ndipo mujambule zimene akuuzeni.